Tawaphunzitsa kusoka, nanga asokera ndani?

Mwana wa achemwali anga ali ndi masatifiketi awiri. Yoyamba ndi ya utelala, imene adalandira atakhala miyezi itatu pa maphunziro omwe bungwe lina lidabweretsa kwathu, m'dera la Mfumu Yaikulu Kunthembwe. Yachiwiri ndi ya kayendetsedwe ka bizinesi, ya masiku asanu okha. Onse awiri adawakutira m'pulasitiki n'kuwaika pansi pa chikwama kuopa chiswe. Mwini wakeyo mukamufuna pitani pa siteji ya Lunzu. Mukamupeza atakhala pa njinga yamoto ya eni ake, maso ali ku minibasi iliyonse yomwe ikuima. Madzulo amayamba wakapereka ndalama ya bwana, yotsalayo ndiye yake, ikatsala.

Tsiku lina ndidamufunsa chifukwa chake adasiya kusoka. Adandiyang'ana ngati ndamunyoza.

"Amalume, ndisokere chala? Makina aja adawakweza pa galimoto tsiku lotsekera lomwelo. Ndipo ngakhale akadatisiyira, tidamaliza anthu 30 a m'midzi yoyandikana. Angasoketse malaya kwa ine ndani, kaunjika ali mbwee pamsika?"

Ndidasowa choyankha, ndipo mpaka lero funso lakelo ndi lomwe ndimayezera pulogalamu iliyonse yophunzitsa achinyamata a kumudzi ntchito zamanja. Kuphunzitsa timatha. Chomwe chimatikanika n'kuganizira za m'mawa wa tsiku lotsatira mwambo wopereka masatifiketi, pamene matenti aphwasulidwa, mlendo wolemekezeka wabwerera ku Lilongwe, ndipo mnyamata wadzuka m'nyumba ya amayi ake ali ndi pepala, alibe chida, alibe womupatsa ntchito. Malipoti athu amawerenga ophunzitsidwa. Sindidaonepo chikwangwani cha pulojekiti cholemba kuti mwa omwe adaphunzitsidwa chaka chatha, akudyera luso lija ndi angati.

Ndisaname, dziko lino silidakhale manja lende pa nkhaniyi. Akuluakulu amakumbukira mabesi a Malawi Young Pioneers, monga ya Nasawa ku Zomba, komwe achinyamata ankaphunzira ulimi, ukalipentala ndi zomangamanga. Amakumbukiranso kuti gulu lomwelo lidasanduka chikwapu cha chipani, mpaka asilikali adalithetsa mu Disembala 1993 pa Operation Bwezani. Zoipa zake zidayenera kutha, koma m'malo mwa mbali ya maphunziro ija sitidaikemo kanthu kwa zaka zingapo. Mu 1999 mpamene padakhazikitsidwa TEVETA, bungwe loyang'anira maphunziro a luso la manja, ndipo olemba anthu ntchito amasonkha 1 peresenti ya ndalama za malipiro a antchito awo kuti ntchitoyi iyende. Mu 2015 boma lidayamba kutsegula makoleji a ntchito zamanja a m'madera, kuyambira ku Ngara m'boma la Karonga. Kufupi ndi kuno tili ndi Aida Chilembwe ku Chiradzulu ndi Milonga ku Thyolo, kuwonjezera pa Soche Technical College ya ku Limbe yomwe ndi yakalekale. Amabungwe nawo ali ndi malo awo, monga sukulu ya DAPP ya ku Mikolongwe. Zonsezi n'zabwino, ndipo ndikudziwa amisiri a manja osalala amene adatuluka m'malo amenewa.

Koma tiyang'ane kukula kwa khomo ndi kuchuluka kwa ofuna kulowa. Kalembera wa 2018 adapeza kuti tidalipo anthu 17.5 miliyoni, 84 mwa 100 alionse akukhala kumudzi, ndipo theka la ife lisanakwanitse zaka 18. Makoleji akuluakulu a boma a ntchito zamanja alipo asanu ndi awiri dziko lonse. Kuti ulowemo pa maphunziro a zaka zingapo aja, amafuna satifiketi ya MSCE. Ndiye taganizirani za mnyamata wa ku Mdeka amene adalekezera Sitandade 7 chifukwa bambo ake adamwalira, kapena mtsikana wa kwa Somba yemwe adatenga mimba ali Folomu 2. Anthu amenewa ndiwo ambiri, ndipo ndiwo amene timawatchula m'zokamba zathu tikamati "achinyamata a kumudzi osowa ntchito". Khomo lalikulu lija kwa iwo ndi lotseka. Chowatsalira ndi timaphunziro ta miyezi itatu tobwera ndi mapulojekiti, ndipo m'menemo ndi momwe muli vuto.

Timaphunziro timeneti timafanana ngati mapasa. Anyamata ukalipentala kapena kumanga, atsikana kusoka kapena kukonza tsitsi. Amasankha ntchitozi chifukwa n'zosavuta kugulira zipangizo ndi kupezera mphunzitsi, osati chifukwa wina adakhala pansi pa mtengo ndi anthu a m'mudzimo n'kuwafunsa kuti ndalama zawo zimapita kuti. Akadafunsa akadamva zina. Mjigo ukawonongeka, amayi amatha milungu akutunga madzi kudambo podikira mmisiri wochokera kutali, pamene komiti ya mjigo ili ndi ndalama zosonkha m'thumba. Mijigo yathu yambiri ndi ya mtundu umodzi, Afridev, ndipo chimene chimatha kawirikawiri ndi timalabala ta m'kati, zinthu zoti munthu wophunzitsidwa bwino amasintha tsiku limodzi. Pafupifupi m'mudzi uliwonse muli sola yogula ku Limbe imene idasiya kutchaja chifukwa wolumikiza adangolumikiza mwa mwayi. Njinga zamoto za kabaza zadzaza misewu ya fumbi yonse kuyambira ku Chileka mpaka ku Lirangwe, ndipo iliyonse imafuna makaniko. Chigayo cha dizilo chikazima, mwini wake amalipira thiransipoti ya munthu wochokera ku Ndirande. Alimi a tomato ndi masamba agula mapampu othiririra, ena a petulo, ena a dzuwa, opanda wowakonzera. Apa ndi pomwe pali kasitomala wogwira ndalama m'manja. Ife tikupitiriza kutulutsa matelala m'dziko lomwe limavala kaunjika.

Ndipo taonani nkhani ya magetsi. Kalembera yemwe uja adaonetsa kuti mabanja pafupifupi 11 okha mwa 100 alionse ankaunikira magetsi, ambiri mwa iwo a m'tauni. Komabe timaphunzitsa mnyamata wa kumudzi kuwotcherera zitsulo pa makina a magetsi, kenako n'kumuuza kuti abwerere kwawo akadzilembe ntchito. Akalumikiza kuti? Zotsatira zake amakwera minibasi, n'kudzakhala mlendo wosachoka m'kachipinda ka mchimwene wake ku Mbayani. Pulogalamu yomwe cholinga chake chidali kuchepetsa khamu lothamangira m'tauni ndiyo yamulipirira ulendo.

Pali sukulu ina yaikulu mu Blantyre muno imene ilibe chikwangwani. Pitani kumsika wa Ndirande m'mawa, mumve phokoso la nyundo. Okhoma zidebe akupanga ndowa, mbaula ndi zitini zothirira mbewu. Owotcherera akupanga mafelemu a mawindo, zitseko zachitsulo ndi mawilibala. Makaniko ali pansi pa galimoto zimene kwina kulikonse akadazitaya kalekale. Pambali pa mmisiri aliyense pali mnyamata, nthawi zina awiri, wonyamula sipanala, wowongola malata, wothamangira kukagula misomali. Zomwezo muziona ku Bangwe, ku Chirimba, ku Zingwangwa, pa Lunzu. Amisiri ambiri omwe amatimangira nyumba ndi kutikonzera zinthu adaphunzirira pamenepa, osati m'kalasi. Ndipo mnyamata wa pashedi amaphunzira zomwe kalasi singamupatse: kutchula mtengo, kunyengerera kasitomala wokwiya, kudziwa wogulitsa matabwa amene sanamiza, kuzindikira munthu wosabweza ngongole akadali patali. Akamachoka kwa bwana wake amachoka ndi makasitomala awiri atatu omwe adamuzolowera.

Ine ndikuti gawo lalikulu la ndalama zophunzitsira achinyamata a kumudzi lizipita kumeneko, kwa mmisiri yemwe ali kale ndi shedi, zida ndi makasitomala, makamaka wa m'misika ya kumudzi yoyandikira kwawo kwa wophunzirayo. Ndalama yomwe imathera pa holo, mafuta a galimoto za pulojekiti ndi matisheti ingalipire mmisiri kuti asunge ophunzira awiri kwa chaka chathunthu.

Ndikudziwa zomwe ena anene, ndipo akunena zoona. Kushedi kuli nkhanza zake. Alipo mabwana omwe amasunga mnyamata zaka zitatu akungopala matabwa ndi kuphika nsima, osamuonetsa kudula mano a tebulo, kuopa kuti angadzawalande msika. Alipo ogwiritsa ntchito ana a eni popanda ngakhale ya sopo. Alipo amene luso lawo lidaima pa zomwe adaphunzira mu 1985, ndipo amapatsira wophunzira zolakwa zawo zonse. Kwa atsikana kuli zoopsa zina zomwe tonse tikuzidziwa. Koma mankhwala ake si kuthawa shediyo. Pakhale pangano lolembedwa, losainidwa pamaso pa nyakwawa ndi kholo, lonena zomwe wophunzira ayenera kudziwa pakutha pa miyezi itatu iliyonse. Mlangizi wochokera ku koleji azibwera kudzamuyesa, ndipo mmisiri azilandira gawo la ndalama zake pokhapokha wophunzira akakhoza. Mmisiriyo naye azipita ku Soche kapena ku Milonga milungu ingapo pachaka kukanola luso lake. Njira yoyesa ndi kupereka satifiketi kwa munthu yemwe adaphunzirira pantchito TEVETA ili nayo kale. Chofunika n'kuitulutsa mu ofesi ifike pamsika, chifukwa amisiri ambiri omwe ndimacheza nawo sadaimvepo.

Si kuti maganizowa ndi atsopano. Njira yotumiza achinyamata kwa amisiri idayesedwapo m'dziko muno, ndipo ofufuza, mothandizana ndi World Bank, adatulutsa zomwe adapeza mu 2013. Adapeza kuti achinyamatawo luso adalipezadi, koma patapita miyezi yochepa panalibe kusintha kooneka pa kapezedwe kawo ka ntchito ndi ndalama. Adapezanso kuti atsikana ankapindula pang'ono poyerekeza ndi anyamata, ndipo zinthu monga kutalika kwa mtunda, matenda ndi udindo wa pakhomo zinkawalepheretsa kupitiriza. Wina angawerenge zimenezi n'kunena kuti basi, kutumiza ana kwa amisiri kulibe phindu. Ine ndimawerengamo zina. Maphunziro aja adali a miyezi yochepa, ndipo miyezi yochepa siipanga mmisiri, kaya m'kalasi kaya pashedi. Komanso luso lopanda chida ndi msika limangokhala m'mutu. Za atsikanazo n'zomwe mayi aliyense wa kumudzi akadawauza ulere: mwana wamkazi amene ayenera kutunga madzi, kuphika, kubereka mwana kumbuyo ndi kudwazika agogo sangayende makilomita khumi tsiku lililonse kwa miyezi. Mukafuna kuti amalize, maphunzirowo muwayandikize, nthawi yake igwirizane ndi ntchito za pakhomo, ndipo pakhale poika mwana. Musawaikenso m'nyengo ya dzinja pamene banja lonse lili kumunda.

Tsopano za zida. Pano mpomwe timakonda kuthamangira ngongole. Mu 2010 kudabwera thumba la achinyamata la YEDEF. Pambuyo pake lidaphatikizidwa ndi thumba lina la ngongole la boma, MARDEF, kukhala MEDF, yomwe mu 2020 idasanduka NEEF. Mayina amasintha, madandaulo ndi omwewo: ngongole zambiri sizibwezedwa, ndipo anthu amaziona ngati mphatso ya chipani cholamula. Mnyamata wosadziwika kwa tcheyamani, wopanda chikole, amalemba mafomu mpaka kutopa. Ndipo ngakhale ataipeza, kumupatsa ndalama m'manja mwezi wa Januwale, nkhokwe ili pululu, amayi ake akudwala, n'kuyembekezera kuti akagula pulena ndi sowo, n'kusadziwa umphawi. Ndalamayo ipita ku chimanga, ndipo sindingamuweruze. Kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo pafupifupi chida chilichonse cha mmisiri chimachokera kunja. Mpamba womwe ukadagula bokosi lonse la zida zaka zisanu zapitazo lero sufika patali.

Bwanji osapereka zida zenizenizo, pang'onopang'ono, monga gawo la maphunziro? Akakhoza mayeso oyamba alandire sowo ndi sikweya, achiwiri pulena ndi matchizulo, kuti pomaliza chaka akhale ndi bokosi lomwe manja ake adalizolowera kale. Chida chomwe munthu wachigwiritsa ntchito miyezi isanu ndi umodzi sachigulitsa msanga ngati chomwe wachilandira chili m'pulasitiki pamaso pa atolankhani. Zida zodula, monga makina owotcherera, zikhale za gulu pa msika womwe uli ndi magetsi, azibwereka ndi kulipira kangachepe. Amayi a banki mkhonde atisonyeza kuti anthu a kumudzi amadziwa kusunga chuma cha gulu ndi kulondola wozemba, kuposa maofesi ambiri.

Pali chinthu china chimene sitikonda kuchitchula: alawansi. Tidazoloweretsa anthu kuti maphunziro ndi malo olandirira envelopu. Ndiye pulojekiti ikafika n'kupempha mayina kwa amfumu, mndandanda umadzaza ndi ana a kubanja lachifumu, a komiti ya chitukuko ndi a chipani, ena oti ali kale ndi zochita, ena oti kusoka sakufuna n'komwe. Mnyamata yemwe amakonza mawailesi ndi mpeni kuseri kwa nyumba ya agogo ake dzina lake silifika. Mwana wa achemwali anga adandiuza mosabisa kuti iye ankafuna umakaniko. Adalowa utelala chifukwa ndi womwe udabwera, ndipo kunali ndalama ya nkhomaliro. Sindikunena kuti wophunzira asapatsidwe chakudya. Wanjala samva. Koma chakudya chiperekedwe ngati chakudya, ndipo wofuna malo ayambe wakhala milungu iwiri pashedi popanda kulandira kalikonse. Otsatira envelopu adzadzichotsa okha.

Chotsala ndi chachikulu pa zonse, kasitomala. Kumudzi ndalama imayenda miyezi yochepa yokolola, kenako ziii. Koma kuli wogula mmodzi yemwe amagula chaka chonse, ndiye boma ndi makhonsolo ake. M'sukulu zambiri za pulayimale za ku Blantyre kumudzi ana amakhala pansi chifukwa madesiki kulibe. Zipatala zing'onozing'ono zimafuna mabenchi, zitseko, malo odikirira. Thumba la chitukuko cha m'madera a aphungu, la CDF, limamanga midadada ya makalasi ndi timilatho chaka ndi chaka. Namondwe Freddy atagumula nyumba mu Malichi 2023, kuchokera ku Chilobwe m'munsi mwa phiri la Soche mpaka ku Mulanje ndi Phalombe, padafunika amisiri odziwa kumanga maziko olimba ndi kumangirira denga kuti lisauluke. Ntchito ngati zimenezi nthawi zambiri zimapita kwa kontirakitala wa m'tauni, yemwe amabwera ndi anthu ake pa lole, n'kulemba anyamata a m'mudzimo ganyu yotunga madzi ndi kuponda matope. Lamulo limodzi laling'ono lingasinthe zambiri: madesiki a sukulu ya m'dera agulidwe kwa akalipentala a m'dera lomwelo, ndipo kontirakitala aliyense wolandira ndalama za khonsolo atenge ophunzira angapo a konko. Oda imodzi ya madesiki 100 ingaimike gulu la anyamata asanu pa miyendo yawo kuposa semina khumi za kayendetsedwe ka bizinesi. Chachikulu boma lizilipira msanga, chifukwa kontirakitala wamkulu angathe kudikira cheke miyezi isanu ndi itatu, kalipentala wa pa Lirangwe sangathe.

Alipo anzanga omwe amati zonsezi n'kuthira madzi m'dengu. Amati vuto ndi chuma chosakula, mafakitale a ku Makata ndi ku Chirimba omwe salembanso anthu ngati kale, ndipo ngakhale utaphunzitsa bwanji, ntchito zomwe kulibe sungazilenge. Akunena zoona ndithu, ndipo n'chifukwa chake sindikhulupirira wandale aliyense wolonjeza kuthetsa ulova ndi makoleji. Tidamva za ntchito 1 miliyoni mu 2020. Pofika kumapeto kwa 2023 tidaona achinyamata akukwera ndege kukagwira ntchito m'minda ya ku Israel nkhondo ili mkati. Depoti yathu ya mabasi timaitcha Wenela, dzina la kampani yomwe inkatenga agogo athu kupita nawo ku migodi ya ku Joni, ndipo mpaka lero mabasi a ku Johannesburg amanyamuka mu mzinda uno atadzaza adzukulu awo. Kutumiza mphamvu za achinyamata kunja ndi ntchito yomwe dziko lino lakhala likuichita mosalephera kwa zaka zoposa 100. Koma ngakhale amene akupitayo, wopita ndi luso la kuwotcherera kapena kuyala matailosi sakafanana ndi wopita ndi manja okha. Ndipo kudikira kuti chuma chikule kaye sikukonza mjigo wa kwa Kuntaja womwe wafa lero. Ndalama zophunzitsira zikuwonongedwa kale chaka chilichonse, za msonkho wa TEVETA, za boma, za mabungwe akunja. Funso langa ndi loti zigwe pati.

Ndipo amene amapereka ndalamazo asinthe funso lomwe amafunsa. Asamafunse kuti mwaphunzitsa angati. Azibwera patatha chaka, osalengeza, atenge mndandanda wa mayina, ayende khomo ndi khomo. Bungwe lomwe ophunzira ake ambiri apezeka akugwira ntchito yomwe adaphunzira lipatsidwenso ndalama. Lomwe ophunzira ake ali pa kabaza lifotokoze. Chikomekome cha mkuyu chimene timaonera pa wailesi yakanema, magauni obwereka ndi gule wa amayi, chatinamiza mokwanira.

Mwezi watha ndidadutsa pa Lunzu ndipo mwana wa achemwali anga uja sindidamupeze pa siteji. Anzake adandilozera kuseri kwa magolosale, komwe bambo wina wachikulire amakonza njinga zamoto pansi pa shedi ya malata akale. Ndidamupeza atagwada, manja ali bii ndi oilo, akumasula injini ya njinga ya mnzake, bamboyo atakhala pa chidebe akumulozera ndi ndodo. Akuti amapitako masana okwera akachepa, ndipo malipiro ake ndi kuwagulira bamboyo tiyi ndi kuwanyamula ulere madzulo popita kwawo. Palibe bungwe lomwe likudziwa za sukulu imeneyi, ndipo sidzalowa mu lipoti la wina aliyense.

Atandiona adapukuta manja pa buluku n'kubwera.

"Amalume, mukapita ku Limbe mukandifunsireko mtengo wa masipanala, a seti yonse. A bambowa ndi amodzi okha, timachita kulandizana."